Ilala yoyamba anabwera nayo ndani, Dr Laws kapena msilikali?

Bambo wina wa ku Chibavi muno mu Mzuzu wanditumizira imelo. Akuti mwana wawo anaphunzira kusukulu kuti Dr Robert Laws ndiwo anabweretsa sitima ya Ilala, pomwe mkulu wa mpingo wawo akuti ulendowo unkatsogoleredwa ndi msilikali wapamadzi. Ndiye akufunsa kuti zoona ndi ziti.

Bambo, mkulu wa mpingoyo akunena zoona. Dr Laws analipo ndithu, koma anali mnyamata wa zaka 24. Mtsogoleri anali Edward Daniel Young, wobadwa mu 1831, wa gulu lankhondo lapamadzi la Britain, Royal Navy. Musaganize za mkulu wa nyota zambirimbiri paphewa ayi. Ntchito yake inali yoyang'anira mizinga pasitima ya HMS Gorgon, mpaka mu 1862 pamene anapita kukayendetsa Pioneer, sitima ya David Livingstone.

Chimene chimandikoka ine ndi cha 1867. Musa ndi anzake, amtengatenga ochokera kuchilumba cha Anjouan, anamuthawa Livingstone panjira, n'kukanena ku Zanzibar kuti Angoni amupha. Ambiri anakhulupirira. Young anakana, chifukwa ankamudziwa kale Musayo kuti bodza ndi chakudya chake. Anatumidwa ndi bwato lachitsulo lotchedwa Search, nafika kunyanja ya Malawi, n'kupeza anthu amene anamuona mzunguyo akudutsa ali moyo. Livingstone weniweniyo sanakumane naye, koma umboni unakwana.

N'chifukwa chake a Free Church of Scotland atafuna kuyambitsa mishoni mu 1875 anathamangira kwa iye. Njira ya Zambezi ndi Shire ankaidziwa, mafumu a Amakololo ankamudziwanso. Pamathithi a Shire sitima siyenda, choncho Ilala anaimasula zidutswazidutswa. Amtengatenga mazanamazana anasenza zitsulozo pamutu, m'dzuwa la kuchigwa lija, mtunda wa mamailosi pafupifupi 60, ndipo palibe chidutswa chimene chinasowa. Anthu amenewa satchulidwa kawirikawiri, koma popanda iwo Young akanathera kumunsi komweko.

Pa 12 Okutobala 1875 Ilala inalowa m'nyanja, ndipo mishoni inakhazikika ku Cape Maclear. Kenako Young anaizungulira nyanja mpaka kumpoto kwenikweni, n'kupeza kuti ndi yaitali kuposa mmene Livingstone ankaganizira.

Nanga bwanji dzina lake silimveka? Sanakhalitse. Mu 1876 ananyamuka kubwerera kwawo, ndipo anamwalira mu 1896. Dr Laws anakhala mpaka 1927, nasamutsira mishoni ku Bandawe mu 1881, kenako ku Khondowe mu 1894. Kuno kumpoto Young anangodutsako pamadzi, sanamangeko sukulu kapena tchalitchi. Ndipo Ilala imene mumaikwera pa Nkhata Bay ija si yake. Imeneyo inapangidwa ku Scotland n'kuyamba ntchito mu 1951.