Kwa mayi amene afunsa za sukulu ya Title I: musafulumire kumuchotsa mwana

Achemwali, funso lanu ndaliona m'gulu muno ndipo ndati ndisangolidutsa. Mwati mwangofika kumene ku America, mwana wanu wa giredi 3 wabwera ndi kalata yonena kuti sukulu yake ndi ya Title I, ndipo mnzanu wa kuntchito wakuuzani kuti amenewo ndi masukulu a amphawi, kulibe chaphindu. Ndiye mukufunsa ngati mumuchotse mwanayo, ngakhale zitatanthauza kusamukira kudera kumene lendi yake ndi yoboola m'thumba. Ine ndikuti dekhani kaye. Dzina la Title I likukuuzani kuti makolo ambiri a pasukulupo amapeza ndalama zochepa, ndiponso kuti boma la ku Washington limaikapo ndalama zoonjezera pa chifukwa chimenecho. Za mmene aphunzitsi akuphunzitsira, dzinalo silikunenapo kanthu. Zimenezo muyenera kukaziona ndi maso anu.

Kuti mumvetse, yambani mwadziwa kumene ndalama za sukulu zimachokera kuno, chifukwa n'zosiyana ndi kwathu. Ku Malawi mphunzitsi wa boma, kaya ali ku Nsanje kaya ku Area 47, malipiro ake amachokera m'thumba limodzi la boma. Kuno boma lalikulu limangopereka pafupifupi dola imodzi pa madola 10 alionse. Zotsalazo zimachokera ku boma la state yanu (chigawo cha dzikoli chimene chili ndi boma lakelake, monga Texas) ndi kudera lanu lenilenilo, ndipo gawo la deralo kwenikweni ndi msonkho wa nyumba ndi malo. Dera la nyumba zodula limatolera ndalama zambiri mosavutikira. Dera la nyumba zotsika mtengo, ngakhale likweze msonkho chotani, limapeza zochepa. Makolo ena a ku San Antonio, Texas, anakasuma za nkhaniyi, koma mu 1973 Khothi Lalikulu la dzikoli linagamula, oweruza 5 kwa 4, kuti dongosololi silikuphwanya malamulo aakulu a dziko. Mpaka lero adiresi ya mwana imalemera kwambiri pa maphunziro ake, ndipo ine zimenezi zimandipweteka mtima.

Title I inabwera kudzachepetsako kusiyana kumeneku. Ndi chigawo choyamba cha lamulo lotchedwa Elementary and Secondary Education Act, limene Pulezidenti Lyndon B. Johnson anasaina pa 11 April 1965, monga mbali ya nkhondo yake yolimbana ndi umphawi. Johnson anali atakhalapo mphunzitsi. Mu 1928 ankaphunzitsa ku Cotulla, Texas, ana osauka a mabanja ochokera ku Mexico, ndipo anaona yekha ana akubwera m'kalasi ndi njala. Lamuloli anakalisainira panja pa kasukulu ka chipinda chimodzi kumene iye anayambira sukulu, mphunzitsi wake woyamba atakhala pambali pake. Kuchokera nthawi imeneyo lakhala likukonzedwanso kangapo: mu 2002 George W. Bush anasaina No Child Left Behind, ndipo mu December 2015 Barack Obama anasaina Every Student Succeeds Act, limene likugwira ntchito panopa.

Ndalamazo zimayenda chonchi. Nyumba ya malamulo imavomereza ndalama chaka chilichonse, ndipo zaka zaposachedwapa zakhala zikupitirira pang'ono madola 18 biliyoni. Amazigawa potengera chiwerengero cha ana osauka a zaka 5 mpaka 17, chimene ofesi ya kalembera wa anthu imawerengera dera lililonse. Zimapita ku state, state imapereka ku district, kutanthauza ofesi yoyang'anira masukulu a dera lanu, ndiye district imandandalika masukulu ake kuyambira yomwe ili ndi ana osauka ambiri. Sukulu zimene ana osauka apitirira 75 pa 100 alionse ziyenera kuthandizidwa poyamba. Ngati afika 40 pa 100 alionse, sukulu imaloledwa kugwiritsa ntchito ndalamazo pa ana onse, osasankha kuti uyu ndi wa banja lotani. Ngati sanafike pamenepo, thandizo limalunjika kwa ana amene akutsalira m'maphunziro. Onani bwino apa: mwana amasankhidwa chifukwa choti kuwerenga kapena masamu zikumuvuta, osati chifukwa cha malipiro a makolo ake. Palibe mwana amene amaikidwa chizindikiro pachipumi.

Masukulu a boma opitirira theka m'dziko lonse la America amalandira ndalama zimenezi. Mnzanu uja akamati masukulu a Title I ndi oipa, ndiye kuti akunena masukulu masauzande ambirimbiri, a m'mizinda ndi a kumidzi ya azungu okhaokha yomwe, ngati kuti ndi sukulu imodzi.

Komabe sindikufuna kukupakani mafuta pakamwa. M'mawu a mnzanuyo muli kachoonadi. Ana amene ali m'masukulu amenewa ndi pafupifupi 25 miliyoni, choncho mukagawa ndalama zija mupeza kuti mwana mmodzi sakufika n'komwe madola 1,000 pachaka, pamene kuphunzitsa mwana mmodzi m'sukulu ya boma kuno kumadya madola opitirira 15,000 pachaka. Ndalama zochepa chonchi sizingatseke dzenje lonse. Masukulu a m'madera osauka kwambiri nthawi zambiri amavutika kusunga aphunzitsi odziwa ntchito. Amabwera ongomaliza kumene maphunziro, akangokhwima n'kupita kwina. Ana amasamukasamuka pakati pa chaka chifukwa makolo alephera lendi, ndipo mphunzitsi amangokhalira kuyambiranso. Mavutowa alipodi, koma gwero lake ndi umphawi wa deralo. Ndalama za Title I zimabwera pofuna kulimbana nawo, ndipo pali masukulu amene amazigwiritsa bwino ntchito moti mungadabwe.

Pali lamulo limodzi limene ndimafuna kholo lililonse lilidziwe. Ndalamazi ndi zoonjezera pamwamba pa zimene sukulu imayenera kulandira kale kuchokera ku state ndi district. Zili ngati malume a ku Joni akatumiza ndalama kuti mwana agulirepo mabuku ndi kulipira part time, bambo n'kunena kuti basi fizi yapezeka, ine ndalama yanga ndichitira zina. Mwanayo sanapindule kanthu. Zoterezi zinachitikadi zaka zoyambirira. Mu 1969 mabungwe omenyera ufulu wa anthu, kuphatikizapo NAACP Legal Defense Fund, anatulutsa lipoti loonetsa kuti madera ena ankawonongera ndalamazi pa zinthu zosakhudza n'komwe maphunziro a ana osauka, mpaka maiwe osambiramo. Chaka chotsatira nyumba ya malamulo inakhwimitsa lamulo kuti district isamachotse ndalama zake pa sukulu chifukwa choti za ku Washington zafika.

Nanga zimagwira ntchito yanji m'kalasi mwa mwana wanu? Nthawi zambiri zimalipira anthu. Mukadzalowa m'kalasi nthawi ya kuwerenga, mudzaona katebulo kopindika pakona, ana anayi kapena asanu atakhala mozungulira, mphunzitsi wapadera wa kuwerenga ali pakati, akumvetsera mwana mmodzimmodzi akuwerenga mokweza, akulemba pa pepala mawu amene wapunthwa. Pakatha masabata angapo amamuyesanso kuti aone ngati wasuntha. Mphunzitsi ameneyo, m'masukulu ambiri, malipiro ake ndi a Title I. Chimodzimodzi wothandizira mphunzitsi m'kalasi, maphunziro a masana ana akaweruka, sukulu ya nthawi ya holide yaitali, ndi wogwira ntchito yolumikizana ndi makolo. Kwa mwana wongofika kumene, amene Chingerezi chake ndi cha kwathu ndipo khutu lake silinazolowere kalankhulidwe ka kuno, katebulo kameneko n'kofunika kwambiri. Masukulu otere ambiri anazolowera kulandira ana ochokera kumayiko ena, zimene sukulu ya kudera la olemera mwina siinaphunzire.

Tsopano za fomu. Kumayambiriro kwa chaka mudzalandira fomu ya chakudya cha kusukulu, yofunsa anthu amene mumakhala nawo pakhomo ndi ndalama zimene mumapeza. Amalawi ambiri timaiponya m'dirowa, ena chifukwa cha manyazi, ena chifukwa cha mantha. Chonde lembani n'kubweza. Banja limene ndalama zake sizipitirira 130 peresenti ya mlingo wa umphawi umene boma limaika, ana amadya ulere, ndipo mpaka 185 peresenti amalipira pang'ono. Kuonjezera apo, ma district ambiri amagwiritsa ntchito mafomu omwewa poona kuti sukulu iti ilandire zingati. Makolo akapanda kubweza, sukulu imaoneka ngati ya anthu opeza bwino ndipo imataya ndalama zimene ikanalembera mphunzitsi wina. M'masukulu ena ana onse amadya ulere popanda fomu imeneyi, koma amatha kutumiza ina yofunsa za ndalama za pakhomo, ndipo cholinga chake n'chomwecho. Fomu ya chakudya imafunsa manambala anayi omaliza a Social Security a wamkulu wosaina, ndipo pali kabokosi kochonga ngati mulibe. Kuyambira mu 1982, pa mlandu wa Plyler v. Doe, Khothi Lalikulu linagamula kuti mwana asaletsedwe sukulu ya boma chifukwa chosowa mapepala okhalira m'dziko muno. Amene muli ndi nkhani ya mapepala imene ili m'kati, funsani loya wanu musanasaine chilichonse, kusiyana n'kumvera mphekesera za pa WhatsApp.

Ndionjezerepo kanthu kena kwa amene mwafikira kwa abale. Ngati banja lanu likukhala m'nyumba ya eni chifukwa chosowa pokhala kapena kuvuta kwa ndalama, pali lamulo la McKinney-Vento limene limalola mwana kulembetsa sukulu msanga ngakhale mapepala ena asanakwane, ndipo district iliyonse ili ndi munthu woona za zimenezi. Gawo lina la ndalama za Title I limapatulidwira ana amenewa.

Kalata imene mwalandirayo, achemwali, ikukupatsani mphamvu zimene makolo ambiri sazigwiritsa ntchito. Sukulu ya Title I imakakamizidwa ndi lamulo kuitana makolo ku msonkhano chaka chilichonse, kufotokoza mmene ikugwiritsira ntchito pulogalamuyi. Iyenera kukhala ndi pangano lolembedwa pakati pa sukulu ndi makolo, lonena udindo wa aliyense. Muli ndi ufulu wofunsa za maphunziro ndi ziphaso za mphunzitsi wa mwana wanu, ndipo mwana akaphunzitsidwa masabata anayi otsatizana ndi munthu amene alibe chiphaso choyenera cha state, sukulu iyenera kukudziwitsani. District imene imalandira madola opitirira 500,000 iyenera kupatula osachepera 1 peresenti kuti igwire ntchito yokhudza makolo, ndipo makolo ayenera kufunsidwa maganizo pa kagwiritsidwe kake. Misonkhano imeneyi ine ndimapitako, ndipo chimandimvetsa chisoni n'choti mipando imakhala yambiri, makolo ochepa, ahedi akuwerenga bajeti kwa anthu oti mungawawerenge ndi zala. Ndikudziwa kuti ambirife timagwira mashifiti a usiku ndipo masana timakhala titafooka. Ngati nthawi yake sikukuyenderani, auzeni, chifukwa lamulo limawauza kuti azipereka nthawi zosiyanasiyana. Ifeyo tinakula tikuopa ahedi, kholo limangopita kusukulu mwana akalakwa. Kuno kholo lofunsa mafunso mwaulemu ndi limene mwana wake amakumbukiridwa.

Ena m'gulu muno anenapo kuti ndalamazi zatha chifukwa mu March 2025 Pulezidenti Trump anasaina chikalata chofuna kutseka unduna wa zamaphunziro. Dziwani kuti Title I inakhazikitsidwa ndi nyumba ya malamulo, undunawo usanabadwe n'komwe, poti unapangidwa mu 1979. Kuti ithe, pafunika nyumba ya malamulo yomweyo. Tizitsatira nkhanizi, koma musasamutse mwana chifukwa cha zimenezo.

Ndikanakhala inu, sabata ino ndikanachita izi. Pitani pa webusaiti ya maofesi a zamaphunziro a state yanu, mufufuze report card ya sukuluyo, kutanthauza lipoti la mmene sukulu yonse ikuchitira. Musangoyang'ana kuti ndi ana angati akhoza mayeso, chifukwa chiwerengero chimenecho chimatsatira kwambiri chuma cha makolo. Yang'anani growth, kutanthauza mmene ana akusunthira pachaka kuchokera pamene anayambira. Onaninso ngati sukuluyo inaikidwa m'gulu la zofunika thandizo lapadera, popeza state iliyonse imayenera kutchula masukulu a Title I amene ali pansi penipeni, 5 pa 100 alionse. Kenako pemphani kukumana ndi ahedi ndi mphunzitsi wa kalasi. Afunseni kuti ahediwo akhala zaka zingati pasukulupo, aphunzitsi angati anachoka chaka chatha, m'kalasi muli ana angati, mwana wanu anamuyesa kale kuwerenga ndipo ali pati, ndiponso akatsalira adzamuthandiza ndani, kangati pa sabata. Akamayankha molunjika, ndi manambala a mwana wanuyo m'manja, mwanayo musiyeni pomwepo ndipo lendi yoonjezera ija musunge. Akamazungulirazungulira, kapena mwana akamabwera kunyumba ndi mantha, funsani ku district za transfer (kusamutsira mwana ku sukulu ina), magnet school (sukulu ya boma ya maphunziro apadera) kapena charter school (sukulu yolipiridwa ndi boma koma yoyendetsedwa payokha) za m'dera lanu musanaganize zosamuka nyumba. Mukakumana nawo ahediwo, bweraninso m'gulu muno mutiuze zimene anena, tithandizane kuzimasulira.