Za msomali walowa m'tayala la tubeless

Achimwene, mwafunsa kuti tayala lakumbuyo la njinga yanu yamoto, la tubeless lija losafuna chubu, lalowa msomali, ndipo wokonza wakuuzani kuti mungoikamo chubu nkhani ithe. Ine ndikuti musathamangire chubu. Ndimayenda kabaza kuchoka pa Kasungu boma kupita ku Santhe ndi ku Chatoloma, misomali yogwa m'ngolo ndi minga ya mthethe zandilasa kambirimbiri, koma tayala langa silinalowepo chubu.

Poyamba, msomaliwo musauzule muli panjira. Tayala la tubeless limaugwira msomali mwamphamvu, ndiye mpweya umatuluka pang'onopang'ono, mutha kufika nawo kunyumba. Mukauzula, tayala liphwa pomwepo, muyamba kukankha njinga.

Kenako onani pomwe walowera, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Ngati uli pakati, pamene tayala limaponda pansi, ndipo bowo silikupitirira mamilimita 6, limatheka kumatidwa. Koma ngati walasa m'mbali, kapena tayala lang'ambika ngati lachekedwa ndi botolo, iwalani zomata, gulani lina. M'mbalimo tayala limapindika nthawi zonse likamazungulira, chomatacho sichikhalitsa, chimafwamphuka tsiku lomwe mwanyamula mayi ndi thumba la chimanga.

M'mashopu a zipangizo za njinga zamoto mumapezeka kapaketi ka zomatira: tizingwe ta labala tonanda, chitsulo chokhakhala ngati tupa, china chokhala ngati singano yaikulu yong'aluka kunsonga, ndi kachubu ka guluu wa labala. Zulani msomali ndi pulayazi, koma yang'anitsitsani mmene unalowera. Ambiri amalakwitsa apa. Msomali ukalowa chopendekera, nanunso lowetsani tupayo chopendekera, apo ayi muboola bowo lachiwiri pambali pa loyambalo. Ilowetseni ndi kuitulutsa kangapo mpaka izidutsa bwino. Pamafunika mphamvu ndithu, thukuta lituluka, ndipo zimaphweka tayala likakhala ndi mpweya pang'ono. Lowetsani kachingwe pa singano paja kufika pakati, pakani guluu, kankhirani m'bowo mpaka kunja kutsale timichira tiwiri tatifupi, kenako solorani singanoyo mwachangu osaipotokola. Dulani zotsalazo ndi lezala, musiye pang'ono, msewu udzasalaza wokha. Popani, thirani madzi a sopo. Pakachita thovu, sipanagwire, bwerezani.

Kachingweka nkongokufikitsani. Ena amayenda nako mpaka tayala kutha, ine sindiwatsutsa, koma pa njinga yonyamula anthu ndimakonda kukachotsetsa tayala kuti amate chigamba cha mkati, chija chokhala ngati bowa, chomwe phesi lake limatseka bowo pomwe chipewa chake chimamatirira mkati. Pamenepo amaonanso ngati msomali unawononga mkatimo. Musanatero musathamange kwambiri, makamaka pa M1 pomwe mumapikisana ndi mathiraki.

Za chubu zija: chimalowa, inde, ndipo ngati muli kumudzi kopanda zomatira chitha kukupulumutsani. Koma mukatero mwataya ubwino wonse wa tubeless. Chubu chikalasidwa mpweya umatha nthawi imodzi, njinga nkuyamba kuvina, pomwe tubeless imakupatsani mpata woima bwinobwino. Chimakhuzananso ndi tayala mkatimo nkumatentha. Okonza ena amakonda chubu chifukwa ndi chomwe anazolowera pa malimu a masipoko, komanso apeza pogulitsira chawo.

Chinanso, si nthawi zonse msomali umakhala wolakwa. Chaka china nyengo ya fodya ndinkapopa m'mawa uliwonse, wokonza wina nkundimata malo awiri, ndalama ndalipira, koma tayala kumaphwabe. Tsiku lina ndinatenga beseni ndi sopo wochapira nkuthira kuzungulira limu yonse. Thovu linatulukira m'mphepete, pomwe limu inapindika nditagunda dzenje ndili ndi katundu. Tayala linalibe mlandu. Ndiye nanunso thirani sopo m'mphepete mwa limu ndi pa valavu. Nthawi zina kamtima ka valavu kamangokhala kamasuka, kungokamanga basi zatha.

Ndipo chonde, zothira petulo m'tayala nkuyatsa machesi kuti likhale pa limu, zomwe anyamata amaonetsa pa TikTok, zisiyeni. Pitani pomwe pali kompuresa. Supagulu nayenso ayi, amauma gwa nkusweka tayala likamapindika.

Mpweya wake musamayese ndi chala kapena kumenya ndi phazi. Nambala zake zimalembedwa pa kachikwangwani ka panjinga pomwepo, kawirikawiri pafupi ndi tcheni, kapena m'kabuku kake, ndipo muyeze tayala lisanatenthe. Mukamata, muyezenso mawa lake m'mawa musananyamule munthu. Ngati mungathe jambulani pomwe pali msomalipo munditumizire chithunzicho, ndikuuzeni ngati ndi pomatika.