Mubwezereni bukulo, achimwene

Achimwene, mwaswera bwanji? Alamu, amayi, ana, moni nonse kumeneko. Uthenga wanu ndinauona m'mawa ndili kuntchito, ndiye ndati ndiyankhe pakamwa ndikafika kunyumba, zala zatopa ndi zovala za abwana. Mukamva phokoso musadabwe, ndi matakisi panjapa, kuno ku Yeoville anthu sagona.

Mwafunsa ngati buku lija ndinatumizira mwana wathu pa basi, limodzi ndi nsapato zija, ndi loyenera mtsikana wa Fomu 3. Mwati munalitsegula pakati, mwapeza za mowa ndi za mtsikana wotenga mimba asanakwatiwe, basi mwamulanda. Ndamva. Koma achimwene, sindinangolitola ayi. Ndinaligula kwa anyamata oyala mabuku akale pansi aja kufupi ndi Park Station, ndinaliwerenga kawiri, kenako ndinati ili lipite kwa mwana wa achimwene. Ndinachita dala.

Dzina lake mwaliona, The Marabi Dance, analemba Modikwe Dikobe, linatuluka mu 1973. Nkhani yake ndi yopeka, inde, koma malo ake ndi enieni, ndipo mwiniwakeyo anakhalako m'makomboni amenewo. Ndi za mtsikana, Martha, wokulira ku Doornfontein cha m'ma 1930. Makolo akufuna akwatiwe ndi msuweni wake wakumudzi, iye mtima uli pa mnyamata woimba m'magule a usiku. Zotsatira zake ndi zimene munapeza pakati paja.

Ndiye mudziwe kuti Doornfontein ameneyo ine ndimadutsapo tsiku lililonse pa takisi, pafupi ndi bwalo la mpira la Ellis Park. Tsiku lina ndikuwerenga m'takisimo ndinadzutsa mutu, ndikuona kuti ndi pomwepa. Thupi linachita tsembwe.

Nthawi imeneyo eni malo ankamanga tizipinda ta malata kuzungulira bwalo limodzi, n'kumachititsa lendi. Lina mwa mabwalo amenewa linkatchedwa Rooiyard. Mayi wina wofufuza, Ellen Hellmann, anakhala akupitako mu 1933, anawerenga zipinda zoposa 100, anthu oposa 300, onsewo zimbudzi zowerengeka m'manja. Malipiro a mwamuna sankakwana lendi ndi chakudya, ndiye amayi ankachapira azungu, koma ndalama yeniyeni inali ya mowa. Pamene lamulo linkaletsa munthu wakuda kufulula m'tauni. Ankakumba pansi n'kukwirira migolo, apolisi n'kumabwera ndi zitsulo zazitali kumazika m'nthaka kufunafuna. Mowa wamasese uja umafuna masiku angapo, fungo n'kukuulula, ndiye amayiwo anayamba kupanga wina wopsa msanga, woledzeretsa zedi, umene ankautcha skokiaan. Si kuti anali oipa mtima, achimwene. Anali kuthamangitsana ndi wapolisi, mwana ali kumsana. Ndikamawerenga pamenepo ndimaona anakubala athu aja a kachasu ku Ndirande, amene anaphunzitsa ana anayi ndi mbiya imodzi, anthu akuwanena kutchalitchi.

Ndipo kuti mowawo uyende pankafunika gule. Ndiye marabi amenewo, munthu akuimba kalimba kopopa ndi phazi, ena akugwedeza zitini za miyala, kuyambira Lachisanu mpaka Lamulungu osapuma. Atsikana ndiwo ankaimba, kuvina, kuperekera mowa. Mtsikana wa zaka 15 ali pakati pa amuna oledzera, pakhomo pa amake penipeni, chifukwa pakhomopo ndi pomwe pali bizinesi. Adzithawira kuti? Mu 1934 boma linakhazikitsa lamulo logwetsa makomboni, mabwalo aja anaphwasulidwa, ambiri anawatengera ku Orlando, kumene lero ndi mbali ya Soweto. Sophiatown nayo inadzatsatira mu 1955.

Tsopano ndikufunseni. Agogo aamuna anabwera kuno ndi Wenela, sichoncho? Anabwerako ndi jekete lija, njinga, nkhani za mumgodi zosatha, tinkamvera pamoto mpaka tulo. Munawamvapo ngakhale kamodzi akutchula amayi amene ankawaphikira, kuwachapira, kuwagulitsa mowa Loweruka? Ine ayi. Nkhani za amuna a ku Joni tili nazo zambiri, za matchona tili nazo, nyimbo zomwe. Za atsikana a m'tauni muno palibe anatiuza. Ndinazipeza m'buku, ndili ndi zaka 38.

Dikirani kaye, wina akugogoda. Eya, ndi mnzanga wa chipinda chinacho, amafuna machesi, magetsi azima.

Ndimati chiyani? Eya. Chimene chinandipangitsa kutumiza bukulo ndi ichi, ndipo alamu mwina sakudziwa. Mu December ndili kumudzi, mwanayo ananditsatira ku mjigo, nati azakhali, ndikangolemba MSCE mudzanditenge. Ndinamufunsa kuti ukadzatani. Akuti chilichonse, bola ku Joni. Ndinasowa chonena, chifukwa wolakwa ndine. Zithunzi zimene ndimaika pagulu pano nzojambulira pa geti la abwana, pambali pa galimoto yawo. Sindinakutumizirenipo chithunzi cha kumene ndinkagona chaka changa choyamba. Lero ndinene, amayi mundikhululukire. Tinali asanu m'chipinda chimodzi m'tauni, chogawa ndi makatani, madzi kukatunga pansi ndi chigubu kukwera nacho masitepe asanu ndi awiri. Panali mtsikana wa kwathu konkuno, wamng'ono kwa ine, ntchito itamuthera lendi anayamba kumulipirira bambo wina. Sanafunse kawiri kuti bamboyo akufuna chiyani. Ife tonse tinkaona, tinkangoti zikomo akatigawira buledi.

Mukukumbuka moto uja wa pa 31 August 2023, mu nyumba ya Usindiso ku Marshalltown? Munandiimbira usiku kufunsa ngati ndili moyo. Anthu 76 anafa, ena mwa iwo Amalawi anzathu. M'katimo anthu anali atagawa zipinda ndi matabwa ndi makatoni, ndendende mabwalo a m'buku aja, kungoti awa anali okwera m'mwamba. Ndipo nyumba imeneyo, 80 Albert Street, kale inali ofesi ya mapasi, kumene munthu wakuda ankaima pamzere kupempha chilolezo choti akhale mu Johannesburg. Ndikaganiza zimenezo mutu umandizungulira.

Ine ndikanamukhazika pansi n'kumuuza zonsezi, akanati azakhali akundikaniza, iwo akudya bwino okha. Mwana wa msinkhu uwu malangizo amalowa khutu ili n'kutulukira linali, mukudziwa, inunso munali choncho. Koma bukulo silimulalikira. Limamulowetsa m'chipindamo, amve yekha kununkha kwa ngalande, awerengere yekha makobidi a lendi, amukonde Martha kaye asanaone zimene zikumugwera. Ndipo chimene ndinalikondera ndi chakuti silimusandutsa hule kapena chitsiru. Ndi mwana wanzeru, wa mawu okoma, wofuna moyo wabwinoko kuposa wa amake. Ngati wathuyu.

Sindikuti mabuku onse a mtundu umenewu ndi abwino. Ena ndawasiyira pakati, aja olemba umphawi ngati akuonetsa alendo malo, mtsikana kungovutika tsamba ndi tsamba kuti owerenga alire, mapeto ake kubwera mwamuna wolemera kudzamutola. Amenewo ndi amene ndingamulande ndekha, chifukwa amaphunzitsa kudikira mpulumutsi. Ili ayi. Chingerezi chake pena n'chokhota, muli mawu a Chisotho ndi Chiafrikaans, adzafunika kufunsa, koma ndi bwino, afunse ine.

Za mimbazo, achimwene, musadzinamize kuti akuzimva koyamba m'bukumo. Mufunseni kuti anzake angati a Sitandade 8 ali ndi ana pano, akuwerengerani ndi mayina.

Ndiye pempho langa, mubwezereni. Ngati mtima ukukanabe, apatseni alamu ayambe awerenga iwo, kapena muwerenge inuyo kuyambira tsamba loyamba, osati kutsegula pakati ngati mukufuna vesi. Akamaliza mumupatse foni Lamulungu mukachoka kutchalitchi, ndicheze naye ndekha, ine ndi zakhali wake, pali zina sanganene inu muli pomwepo. Ndikufuna ndimufunse kuti akanakhala Martha akanatani, ndimve mmene mutu wake ukuyendera, kenako ndimuuze za chipinda cha makatani chija bwinobwino.

Batire ikutha ndipo magetsi sanayake. Ya feteleza ija nditumiza Lachisanu ndikalandira, amayi asadandaule. Mugone bwino.