Kanjoka kanuko sikakudwala, ndi mantha chabe

Achemwali, mwati kanjoka kanu koweta ka mtundu wa milk snake katha masabata awiri pakhomo, usana onse kamangodzikwirira mu utuchi, mukati mukagwire kamapulumuka m'manja, kamanjenjemeretsa mchira, ndipo tsiku lina kanakulumani n'kukusiyirani fungo loipa pa zala. Ndiye mukufunsa ngati kakudwala kapena kakudana nanu. Mtima m'malo. Zonse mwatchulazi ndi khalidwe la kanjoka kabwinobwino.

Taganizani kukula kwake. Kakamaswa dzira kamakhala kotalika masentimita 20 kapena 30 basi, koonda ngati pensulo. Kwawo kutchire la ku America, kuyambira kum'mwera kwa Canada mpaka kumpoto kwa South America, nyama zambiri zoposa iko msinkhu zimakadya. Dzanja lanu likamatsika kuchokera kumwamba, iko kamaona ngati mphamba wafika. N'chifukwa chake kamabisala, kamamenyetsa mchira pansi kuti kaopseze mdani, ndipo zikafika pothina kamatulutsa madzi onunkha aja. Njoka imeneyi ilibe ululu. Mizere yofiira, yakuda ndi yoyera ija imangoifanizira ndi coral snake yomwe ndi yaululu, koma yanuyi ikaluma n'chimodzimodzi kukandidwa ndi kaminga. Sambani ndi sopo, nkhani yatha. Kusambako kukhale kwa nthawi zonse mukakagwira, chifukwa njoka zimatha kukhala ndi majeremusi a salmonella.

Chimene ndikupempheni kwambiri n'chakuti mukasiye kaye. Ambirife timalakwa pamenepa chifukwa cha chikondi, timafuna kukaona ola lililonse, timafukula utuchi kuti tione ngati kali moyo. Kapatseni sabata yathunthu osakakhudza, mungosintha madzi. Kakadya bwino kawiri kapena katatu motsatizana, yambani kukanyamula mphindi zisanu, kawiri kapena katatu pa sabata. Lowetsani dzanja cham'mbali, mukanyamule pansi pamimba, osakafinya, kazingoyenda kuchoka m'dzanja ili kupita linalo. Kakatulutsa fungo lija musakabwezere msangamsanga m'bokosi, dikirani kafatse pang'ono. Ambiri mwa ana a mtundu umenewu amazolowera akamakula, ngakhale ena zimawatengera miyezi ingapo. Mukafuna kukaona kakuyenda, yang'anani madzulo kapena usiku, ndiyo nthawi yake.

Pa za m'bokosi, chachikulu ndi kutentha. Njoka siidzitenthetsa yokha thupi, imadalira malo amene ili. Mbali imodzi ikhale yofunda, madigiri 28 mpaka 30, inayo yozizirirapo, 22 mpaka 24, kuti izisankha yokha. Chotenthetsera chilichonse chilumikizidwe ku thermostat, kachipangizo kochizimitsa kutentha kukafika pa mulingo, apo ayi chingaitenthe pamimba, ndipo muyeze ndi thermometer, osati kungogwira ndi dzanja. Ikani pobisalira pawiri, pena kofunda pena kozizira, ndipo pakhale pothina kuti thupi lizikhudza m'mbali. Kanjoka kokhala ndi pobisalira pamodzi pokha kamalolera kuzizidwa bola kasaoneke, kenako chakudya sichigayika. Pansi yalani utuchi wa mtengo wa aspen kapena mapepala opukutira m'manja. Utuchi wa cedar ndi paini ayi, mafuta ake amapweteka njoka. Mbale ya madzi ikhale yosazama komanso yolemera kuti isagubuduke.

Chivindikiro chokha musachite nacho masewera. Njoka zimenezi ndi akatswiri pothawa, paliponse pamene mutu walowa thupi lonse lidutsa. Onani mpata wa pa zitseko ndi mabowo odutsa mawaya. Komanso kakhale kokha m'bokosimo, chifukwa mtundu umenewu umadya njoka zinzake.

Chakudya chake pamsinkhu uwu ndi kamwana ka mbewa kosamera ubweya, kamodzi pa masiku 5 mpaka 7. Kakhale kofanana kunenepa ndi pakati pa thupi la njokayo. Tomwe timagulitsidwa toumitsidwa m'firiji ndi tabwino koposa, mungokasungunula m'madzi ofunda mpaka kafewe konse, n'kupereka madzulo pogwiritsa ntchito chopanira. Mkaka musayese n'komwe. Dzina loti milk snake, kutanthauza njoka ya mkaka, linachokera ku chikhulupiriro cha alimi akale oti njokazi zimayamwa ng'ombe, pomwe m'makolamo zinkangotsata mbewa. Kakadya, maola 48 osakagwira, kangasanze. Zikachitika kuti kasanza, dikirani masiku 10 mpaka 14 musanakapatsenso, ndipo muyambe mwaona ngati mbali yofunda ija ikufundadi.

China chimene chidzakudzidzimutseni posachedwa ndi kufundula. Mitundu idzazilala, maso adzachita mbuu ngati mkaka wothira madzi, kadzakana chakudya ndipo kadzakwiya msanga chifukwa sikaona bwino. Patapita masiku angapo maso amayera, kenako khungu limavuka. Kakali kamwana zimenezi zimabwera pafupifupi mwezi ndi mwezi chifukwa kakukula mofulumira. Nthawi imeneyo ikani ndere zonyowa pang'ono m'pobisalira pamodzi. Khungu likavuka, onani ngati zotchinga m'maso ndi nsonga ya mchira zachoka nawo. Lotsalira kumchira limamanga ngati lamba, ndipo nsongayo imatha kufa.

Zoyenera kukuthamangitsani kwa dokotala wa ziweto wodziwa za njoka ndi izi: kupuma mokhala ngati kakuimba mluzu, kukhala kukamwa kuli yasa, mamina kapena thovu pakamwa, kusanza kobwerezabwereza, kuonda mpaka msana kuonekera, kapena timadontho takuda toyenda m'mbali mwa maso ndi m'mbale ya madzi, tomwe ndi nthata za njoka. Kukana chakudya kamodzi kapena kawiri si vuto, koma kamwana kakatha mwezi osadya, kaonedwe.

Mutiuze kuti mbali yofundayo ikufika madigiri angati, ndiponso ngati kadyapo chibwerereni, kuti tione poyambira.