Kodi N'koyenera Kusokoneza Mnzanu Maganizo pa Tchesi?

Achimwene ena a ku Rosettenville, mu mzinda wa Johannesburg, andilembera imelo kufunsa ngati angamamuyang'anitsitse wopikisana naye m'maso ndi kumenyetsa tizidutswa pa bolodi kuti achite mantha, popeza mwezi wamawa akasewera mpikisano wawo woyamba. Funsoli landilasa mtima, achimwene, chifukwa ineyo ndinazichitapo zimenezi.

Nditangofika ku Johannesburg ndinkapita ku Joubert Park Loweruka lililonse, ndipo kumeneko kunali mkulu wina amene ankati akasuntha kavalo wake ankamumenyetsa mwamphamvu, kenako n'kutsamira kumbuyo akundiyang'ana osaphethira. Ndinkagonja ndisanaganize n'komwe, manja ali njenjenje. M'malo mofufuza pamene ndinkalakwitsa, ndinatengera khalidwe lakelo. Pa mpikisano wina ndinakumana ndi mnyamata wa zaka pafupifupi 12 amene anali atandipanikiza zedi. Ndinamupempha katatu kuti tilepherane ngakhale ndinkadziwa kuti iye ali patsogolo, ndiponso ndinkadzuka n'kukaima kumbuyo kwake pamene akuganiza. Mapeto ake anasiya mfumukazi yake poyera, ine n'kuidya. Pogwirana chanza dzanja lake linali lozizira, misozi ili lengelenge, ndipo mayi ake ankamudikira pakhomo atanyamula botolo la madzi. Chipambano chimenecho ndimachita nacho manyazi mpaka lero.

Ndikudziwa kumene ife timazitenga. Pa bawo kwathu, kuserewulana ndi kunyogodolana ndi mbali ya masewero, ndipo aliyense pansi pa mtengo amaseka. Koma mu holo ya tchesi mnzanu wakhala chete, wotchi ikumuthera, ndipo alibe mpata wokubwezerani.

Ena amati akatswiri nawonso ankachita zomwezo. Zoonadi, mu 1978 ku Baguio, m'dziko la Philippines, pa mpikisano wolimbirana ukatswiri wa dziko lonse, Viktor Korchnoi ankavala magalasi onyezimira ngati kalilole, mbali ya wopikisana naye, Anatoly Karpov, inakhazika katswiri wa za maganizo Vladimir Zukhar pakati pa oonerera kuti azimuyang'anitsitsa Korchnoi, ndipo anakangana ngakhale pa kapu ya yogati. Koma anthu amakumbukira mkanganowo kuposa masewero ake, ndipo ine sindiona cholemekezeka pamenepo. Chimene ndimasirira chinachitika ku Reykjavik, m'dziko la Iceland, mu 1972. Bobby Fischer, amene ankadziwika kuti pafupifupi nthawi zonse amayamba ndi e4 (kusuntha kachidutswa ka patsogolo pa mfumu), anayamba masewero achisanu ndi chimodzi ndi c4 (kusuntha kachidutswa kena), kotero kuti wopikisana naye, Boris Spassky, anapezeka m'njira imene sankaiyembekezera. Fischer anapambana mokongola moti Spassky mwiniwake anaomba nawo m'manja. Fischer anali ndi zovuta zake zambiri pa mpikisanowo, koma tsiku limenelo anamugwira mnzake maganizo ndi zimene zinali pa bolodi basi. Za Emanuel Lasker, amene anakhala katswiri wa dziko lonse kuyambira 1894 mpaka 1921, anthu ankanenanso kuti ankasankha njira zimene wopikisana naye sankamasuka nazo. Kumeneko ndiye kuwerenga munthu koyenera, ndipo china chilichonse ndimachitcha kuzunza.

Zoti muchite

Malamulo a FIDE, bungwe loyendetsa tchesi padziko lonse, amaletsa kusokoneza kapena kukwiyitsa mnzanu mwanjira iliyonse, kuphatikizapo kupempha kulepherana mobwerezabwereza popanda chifukwa, ndipo woweruza akhoza kukulangani. Choncho, achimwene, yang'anani pa bolodi. Ngati mnzanuyo amakonda kuukira, sinthanani mfumukazi msanga kuti masewero azizire. Ngati nthawi ikumuthera, musathamange naye, koma mupatseni zosankha zovuta. Mukalakwitsa, nkhope yanu isasinthe, chifukwa nthawi zambiri mnzanu amaona nkhope asanaone cholakwacho. Wina akayamba kukuvutitsani, musakangane naye. Imitsani wotchi ndipo muitane woweruza.