Yankho kwa azakhali pa za ulendo wa ku Mangochi

Azakhali, mwaswera bwanji kumeneko? Ndamvera voisi yanu ija, yoti mwana munamutumiza ku Blantyre kukaphunzira udokotala koma asukulu akumutumiza kumudzi ku Mangochi, ndiye mukufunsa ngati fizi sikungolowa m'madzi. Ndayankhira pagulu pano dala kuti amalume amve nawo, paja nawonso amang'ung'udza zomwezi.

Si chilango ayi, ndipo sizinayambe ndi iyeyu. Sukuluyi inatsegulidwa mu 1991 ikutchedwa College of Medicine, ndipo kwa zaka zambiri ophunzira ake akhala akupita ku Mangochi kukaphunzira zaumoyo wa m'midzi, moti ili ndi nthambi yake kumeneko. Pano dzina ndi Kamuzu University of Health Sciences (KUHeS), kuchokera mu 2021 pamene anaiphatikiza ndi Kamuzu College of Nursing, koma za ku Mangochizo sanazisiye.

Mukuona, azakhali, ku Queens, chipatala chachikulu cha ku Blantyre kumene amaphunzirira, wodwala amafika atatheratu, wadutsa kale kwa asing'anga, kugolosale kogula panado, kuchipatala chaching'ono, kenako cha boma. Wophunzira amangoona mapeto. Komwe matendawo ayambira sakuona. Titenge likodzo. M'kalasi ndi nkhani yaifupi: mwana akukodza magazi, m'patseni mankhwala a praziquantel, basi. Koma akakhale m'mbali mwa nyanja muja aone. Amayi akuchapa m'nyanja, ana akusambira momwemo, abambo akukoka khoka momwemo, ndipo nkhono zofalitsa matendawo zili m'madzi omwewo. Mwana wamwa mankhwala lero, mawa ali m'madzi. Ndiye dokotala wongokalipa kuti "musamasewere m'nyanja" ndi amene sanaonepo kuti mjigo uli kutali bwanji. Chimodzimodzi neti ya udzudzu: mumagawa ndi mtima wonse, mukaipeza ikugwira nsomba kapena yatchinga dimba. Si umbuli umenewo, ndi njala, ndipo zimenezi sungazimvetse uli m'tauni pa Ginnery Corner ku Blantyre.

Ine pantchito yanga ya unamwinoyi ndimawadziwa msanga madokotala amene maphunziro amenewa anawalowa. Asanauze mayi kuti "mubwerenso Lachinayi", amayamba afunsa kuti mumachokera kuti, kabaza ndi ndalama zingati, kunyumba ana atsala ndi ndani. Ena aja amangolemba tsiku m'buku, mayi akapanda kubwera n'kumati ndi wosamva.

Ndipo aphunzitsi enieni a mwana wanuyo ku Mangochiko mudabwa, ndi alangizi a zaumoyo, ma HSA aja oyenda pa njinga. Iwowa ndi amene amachititsa sikelo, kubaya katemera, kuthira klorini m'madzi kukagwa kolera, ena mpaka kuthandiza ana osakwana zaka 5 pa malungo, chibayo ndi kutsegula m'mimba m'mudzi momwemo. Amadziwa khomo lililonse. Mumuuze asakawayang'anire pansi chifukwa iye ndi wa kuyunivesite, akawamvere. Akadziwenso kuti m'mudzi sungoyamba kufunsa anthu za chimbudzi chawo usanadzere kwa amfumu. Ndipo Mangochi ndi kwa Ayao, Asilamu ndi ambiri, ndiye agogo ena Chichewa amachimva koma ululu wawo amaufotokoza bwino m'Chiyao. Aphunzireko ngakhale malonje okha, anthu amamasuka.

Zoti mwana akavutika, eee, kutentha kokha akakumva, Mangochi si Dedza. Koma sapita yekha, amapita gulu ndipo aphunzitsi amawayendera. Inuyo mumukonzere zitenje ziwiri zitatu, mabuluku othina aja awasiye ku hositelo. Neti atenge yake, mankhwala othira m'madzi akumwa, tochi, ndi pawabanki poti magetsi ndi osadalirika. Akangomva thupi kutentha akayezetse malungo tsiku lomwelo, asadzipatse yekha mankhwala poti wawerengako mabuku. Ndipo chonde, anzake akamakasambira kunyanja iye akhale pamchenga, likodzo silisankha kuti uyu ndi wophunzira udokotala. Mumuuze andiimbire madzulo ndikaweruka, ndili ndi kabuku ka mawu a Chiyao a kuchipatala koti ndimubwereke.