Timu ya Water yokhayokha: kwa achimwene amene akufuna kusiya

Imelo iyi ndakhala nayo masiku atatu osayankha, osati ulesi ayi, koma yandikhudza penapake. Achimwene ena alemba kuti akusewera Pokémon, gemu yomenyanitsa tizilombo ta mitundu yosiyanasiyana, ndi timu ya mtundu wa Water yokhayokha, onse sikisi, ndiye anzawo akumawagwetsa tsiku ndi tsiku ndi Grass komanso Electric, kenako nkumawaseka, mpaka afika poganiza zongosiya. Funso lawo ndi loti kodi timu ya mtundu umodzi ingawine zoona, kapena ndikungotaya nthawi?

Achimwene musasiye. Koma mundilole ndiyambire patali pang'ono.

Ine ndinakulira ku Salima, nyanja ili pafupi, m'mawa ukadzuka fungo loyamba ndi la usipa uli pathandala. Chaka cha 2008 msuweni wanga anabwera kuchokera ku Joni ndi Game Boy Advance SP, ija yopinda ngati kachikwama, mkati muli kakatiriji kobiriwira ka Pokémon Emerald. Pobwerera anandisiyira. Chingerezi changa nthawi imeneyo chinali chochepa kwambiri moti zambiri zolembedwa pa sikirini ndinkangodina A nkumapitirira. Koma koyambirira kwa gemu pamene Professor Birch akuthamangitsidwa, iwe nkutsegula chikwama chake kuti usankhe pakati pa Treecko, Torchic ndi Mudkip, pamenepo sindinafune womasulira. Mudkip ankaoneka ngati kamwana ka mlamba, basi ndinatenga ameneyo. Ndipo pomwepo ndinalonjeza mumtima kuti timu yanga idzakhala ya zam'madzi zokhazokha chifukwa kwathu chilichonse chimachokera m'madzi, ndiwo, fizi ya sukulu, nthano za agogo, zonse. Mawu oti monotype, kutanthauza timu ya mtundu umodzi, ndinadzawamva patapita zaka zambiri, ine ndinkangoti ndi timu ya kunyanja.

Poyamba zinkayenda bwino kwabasi. Roxanne, mtsogoleri wa gym (malo omenyera baji) ya ku Rustboro, ndi Pokémon ake a miyala, Water Gun kangapo basi baji m'manja. Mavuto anayambira pa Route 110, pansi pa msewu wa njinga uja ukamapita ku Mauville. Pamenepo May, wopikisana nawe mu gemuyi, amakudikirira, ndipo ukatenga Mudkip iye amakhala ndi Treecko, amene pofika apo wasanduka kale Grovyle. Mudkip wanga anali atasanduka Marshtomp pa levulo 16, ine nkumanyada kuti ndili ndi chimphona, osadziwa kuti Marshtomp ndi Water ndi Ground pamodzi ndipo mitundu iwiri yonseyi imaopa Grass, ndiye move (njira yomenyera) ya Grass imamupweteka kanayi. Ka Absorb, ka move kofooka kwambiri, kankamudya ngati chiswe chikudya nsungwi uku Grovyle akubwezeretsa moyo wake. Ndinaluza, ndinabwerera, ndinaluzanso, batire nkutha, nkupita kukatchaja kwa ometa tsitsi kumsika, nkubwera nkudzaluzanso. Tsiku lina ndinalira zenizeni kuseri kwa nyumba, chifukwa kwa mwana wa zaka 12 lonjezo lija silinali la masewera. Mnzanga wina anandiuza kuti ingogwira Taillow uthane nazo, mbalame imadya Grass. Ndinakana.

Amene anandipulumutsa anali kale mthumba mwanga. Wingull, kambalame kam'nyanja kamene ndinagwira koyambirira nkukaiwala kumbuyo kwa timu. Ndi Water ndi Flying, ndiye Grass samupweteka mopitirira chifukwa mbali ya Flying imachepetsa zomwe mbali ya Water ikanamva, komanso ali ndi Wing Attack imene imamenya Grass kawiri. Ndinamukweza levulo masiku awiri mu udzu wa pompo, nkubwerera kwa May, Grovyle anagwa. Ndiye tamverani izi achimwene. Nditangolowa mu Mauville ndinakumana ndi Wattson, gym ya Electric, malo amene timu ya Water imayenera kufera. Wingull yemwe uja kumeneko sakanatha kuima ngakhale teni imodzi chifukwa magetsi amamupweteka kanayi. Koma Marshtomp amene ankangogwa dzulo lake, magetsi samukhudza nkomwe chifukwa cha Ground, anangolowa ndi Mud Shot nkusesa gym yonse. Mpaka lero ndikakumbukira thupi limachita tsembwe.

Ndiye anzanu amene akukusekaniwo ndikuwatsutsa poyera. Gemuyi kuyambira pomwe Game Freak inaitulutsa ku Japan mu 1996 inamangidwa pa anthu a timu za mtundu umodzi, Brock ndi Rock, Misty ndi Water, Lt. Surge ndi Electric. Mu Emerald momwemo champion amene umakumana naye kumapeto ukadutsa akatswiri anayi a Elite Four ndi Wallace, ndipo timu yake ndi Water yokhayokha, Wailord, Tentacruel, Ludicolo, Whiscash, Gyarados ndi Milotic. Taiyang'anitsitsani timuyi. Whiscash magetsi samukhudza, Tentacruel ndi Gyarados amapirira Grass, Ludicolo amapirira zonse ziwiri. Amene anaikonza ankadziwa chimene akuchita. Ndipo ndinene mosabisa, munthu amene amangokatenga mayina sikisi amphamvu pa intaneti, kapena kukwera Sky Pillar kukagwira Rayquaza wa levulo 70 nkumaphwanya naye aliyense, ameneyo gemuyi sanaidziwebe. Sanakhalepo pansi kuwerenga kuti ndani alowe pamene wina akutuluka. Sanakondepo Pokémon wofooka mpaka kumupezera ntchito. Ena andikwiyira koma ndi mmene ndikuonera, ndipo zaka zikamapita maganizo amenewa akungolimba mwa ine.

Pali china chimene ana a masiku ano sachidziwa. Mu Emerald ma move onse a Water ankawerengedwa special, kutanthauza kuti ankadalira Special Attack osati Attack monga a physical, onse, ngakhale Waterfall. Ndiye Gyarados, amene mphamvu zake zili ku Attack, unkavutika kulera Magikarp mpaka levulo 20 koma Surf yake inali yofewa kuposa mmene nkhope yake imaopsezera. Anadzakonza mu Diamond ndi Pearl mu 2006 pamene move iliyonse inayamba kukhala physical kapena special payokha, Waterfall nkukhala physical, Gyarados wa Dragon Dance nkukhala chilombo chenicheni. Ndimanena izi chifukwa malangizo a timu amasintha malinga ndi gemu imene mukusewera. Mitundu inalipo 15 poyamba, Dark ndi Steel anabwera ndi Gold ndi Silver mu 1999, Fairy anabwera ndi X ndi Y mu 2013 nkukwana 18. Ndipo Milotic wa Wallace uja ndinamusirira zaka, koma Feebas amene amasanduka Milotic amapezeka pa timalo sikisi tokha mu mtsinje wonse wa Route 119. Ndinawedza holide yonse, bambo anga akuwedza zenizeni kunyanja ine ndikuwedza pa sikirini. Nditamupeza ndinathamanga kukawaonetsa, sanamvetse kuti ndi chiyani koma anasangalala nane.

Za Grass ndi Electric

Chinsinsi chonse chili pa mtundu wachiwiri. Mukatenga sikisi onse a Water yeniyeni opanda mtundu wina, mwapereka khosi limodzi kasikisi. Pamafunika mmodzi wa Water/Ground, kaya Swampert, Gastrodon, Quagsire kapena Whiscash, woti mukaona Thunderbolt ikubwera mumulowetse imenye mphepo. Lanturn wa Volt Absorb nayenso ndi wabwino chifukwa magetsi amamuwonjezera moyo m'malo momupweteka. Mbali ya Grass palibe mtundu wachiwiri umene umaitsekeratu chonchi, ndiye mumadalira amene amaimva mwapakatikati, monga Pelipper, Gyarados, Tentacruel, Toxapex, Empoleon, Kingdra ndi Ludicolo, kenako nkubweza ndi Ice Beam, Hurricane kapena Sludge Bomb. Ubwino wa Water ndi woti pafupifupi onse amaphunzira Ice Beam. Osadzaza ma move anayi onse ndi Water ayi, ndikudziwa kuti move ya mtundu wake wa Pokémon imamenya ndi mphamvu yowonjezera theka, koma mukakumana ndi wa Water Absorb kapena Storm Drain, amene ma move a Water samupweteka, mudzangoima manja lende.

Mvula

Apa ndi pamene timu ya mtundu umodzi imaposa timu yosakaniza. Kuyambira Sun ndi Moon mu 2016 Pelipper ali ndi Drizzle, akangolowa mvula imayamba, mateni 5, kapena 8 akanyamula Damp Rock. Mu mvula ma move a Water amawonjezera mphamvu ndi theka, a Fire amatsika ndi theka, Hurricane saphonya, ndipo a Swift Swim ngati Kingdra ndi Ludicolo liwiro lawo limawirikiza kawiri. Pa timu yosakaniza mvula imathandiza awiri kapena atatu, pa yanu imathandiza onse sikisi. Kungoti Thunder ya mdani nayonso saphonya mu mvula, musaiwale. Ndipo mudziwe kuti Pelipper ameneyu ndi Wingull wanga uja atakula pa levulo 25, kambalame kamene aliyense ankakanyoza ku Hoenn, dera la mu Emerald, lero ndi amene amatsegulira nkhondo, nkhani imeneyi imandisangalatsa kuposa mmene ndingalembere.

Ine masiku ano ndimasewera kwambiri pa Pokémon Showdown, tsamba la pa intaneti lomenyanirana ndi anthu ena, pa foni pomwepa, imatsegulidwa mu browser ndipo siidya bandulo kwambiri. Muli format yotchedwa Monotype imene malamulo ake amayendetsa ndi gulu la osewera la Smogon, aliyense amabwera ndi mtundu umodzi, ndiye palibe wokusekani. Kumeneko ndi kumene ndinaphunzira kuopa Freeze-Dry, move ya Ice imene inabwera mu 2013 koma imamenya Water kawiri m'malo mochepa. Swampert, Gyarados, Pelipper, Kingdra, Ludicolo, onsewa imawapweteka kanayi, ndiye kuti ambiri amene ndakutchulirani kuti ndi zishango akhoza kugwa ndi move imodzi. Tsiku loyamba kukumana nayo ndinangoona timu ikutha mmodzimmodzi osamvetsa. Empoleon kapena Lapras ndi amene amaipirira bwinoko. Kumenekonso ndinaona kuti ife a Water tili ndi mwayi, tamvererani chisoni a Fire, Bug, Flying ndi Ice amene Stealth Rock, msampha wa miyala umene mdani amatchera, imawadya pongolowa, Charizard ndi Volcarona theka la moyo limapita asanamenye nkomwe, mpaka Heavy-Duty Boots zinabwera mu Sword ndi Shield mu 2019 ndi pamene anapumako. Ndipo amaseweratu anthu amenewo, amawina ndithu.

Ndiye yankho lanu achimwene, Pelipper atsegule ndi mvula, Swampert atchinge magetsi komanso aike Stealth Rock, Toxapex kapena Tentacruel alandire Grass, Kingdra amalize ntchito mvula isanathe, Empoleon akhalepo chifukwa cha Freeze-Dry, malo otsalawo muikepo amene mumamukonda inuyo ngakhale wina anene kuti ndi wofooka. Mudzaluzabe magemu ena, makamaka kwa munthu wa Grass wodziwa, koma mukaluza muzionanso teni imene munachedwa kusintha chifukwa kawirikawiri vuto limakhala pamenepo. Mu imelo yanu simunanene kuti mukusewera gemu iti, ndiye mundilemberenso mutchule ndi sikisi amene muli nawo panopa tiwaone limodzi. Ngati ndi Emerald, Ice Beam ili mu Abandoned Ship pa Route 108, ndipo Wingull amapezeka koyambirira kwenikweni, musanafike nkomwe ku Rustboro.